Gwadani muone pabwalo ndi maso a mwana wokwawa

Alipo makomo ambiri kumudzi amene mlangizi wa zaumoyo akafika ndi buku lake amachonga zonse: chimbudzi chilipo, bafa ilipo, thandala lilipo, dzenje la zinyalala nalo lilipo. Koma pakhomo pomwepo mwana wa miyezi 8 amangokhalira kutsegula m'mimba, sikelo siikwera, ndipo agogo ake amati musadandaule, akumera mano. Chimene chikuvuta n'chakuti zonse zochongedwazo n'za akuluakulu. Khanda silipita kuchimbudzi, silifikira pa thandala, silidzisambitsa m'manja. Dziko lake ndi bere la mayi ake, manja a amene walinyamula, thewera, kapu ya phala ndi dothi la pabwalo. Malangizo awa akutsata malo amenewo, mmodzi mmodzi.

Nkhaniyi si ya kutsegula m'mimba kokha. Mwana amene amameza tizilombo tsiku ndi tsiku matumbo ake amakhala otupa m'kati ngakhale asakuoneka wodwala, ndipo chakudya chimene wadya sichilowa bwino m'thupi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi muno anali opinimbira. Njala ili ndi mbali yake pamenepo, koma uve nawo uli ndi yake.

Yambani ndi pansi

Mawa m'mawa, musanagwire tsache, gwadani pakhonde pamene mumakhazika mwana, muyang'ane mozungulira. Muona zitosi za nkhuku, timibulu ta mbuzi, chitsononkho chimene galu amaseweretsa, ndi matope a pamene munataya madzi otsukira mbale dzulo. Zonsezo mwana wokwawa amazifikira, ndipo chimene dzanja lagwira chimapita kukamwa. Ku Zimbabwe akatswiri anakhalapo m'makomo a kumudzi kwa maola angapo akungoyang'ana makanda, ndipo anaona ena akudya dothi ndi zitosi za nkhuku amayi awo ali pomwepo, atatanganidwa ndi ntchito. Kafukufuku wamkulu amene anatsatira, wotchedwa SHINE, wa m'maboma a Shurugwi ndi Chirumanzu, anatulutsa zotsatira zake mu 2019: mabanja amene anamangiridwa zimbudzi ndi kupatsidwa posambira m'manja ana awo sanasiye kupinimbira chifukwa cha zimenezo. Ine sindimva zotsatirazi ngati zikunena kuti ukhondo ndi wachabe. Ndimamva kuti tizilombo tili ndi njira zambiri zofikira pakamwa pa mwana, ndipo mukatseka ziwiri n'kusiya zinayi, timangodzera kwinako.

Choncho sesani kawiri, m'mawa ndi masana nkhuku zikatha kutakasa, osati m'mawa mokha. Zitosi ndi ndowe muziwole ndi khasu kapena fosholo, mukataye ku dzenje la manyowa kutali ndi pamene ana amasewera. Osangozikankhira m'mphepete mwa bwalo, mvula ikagwa zimabwerera.

Mwana akhale ndi mkeka wake, kapena thumba lochapa bwino loyalapo chitenje. Pamenepo pasapondedwe ndi nsapato, nkhuku zisakwerepo, ndipo madzulo muzikung'untha n'kupachika. Mupatseni zoseweretsa zake zimene mungathe kutsuka ndi sopo, monga kapu ya pulasitiki kapena chipande chaching'ono, kuti dzanja likhale ndi chogwira.

Kenako nkhani ya nkhuku zogona m'nyumba kapena m'khitchini. Ndikudziwa chifukwa chake: akuba, afisi, avumbwe. Palibe amene akufuna kudzuka n'kupeza khola lili pululu. Koma m'chipinda mmene nkhuku zagona usiku wonse ndi mmene mwana akwawe m'mawa. Mangani khola lokwera m'mwamba moyandikana ndi khoma la nyumba, pamene mungamve phokoso lililonse, mulitseke bwino. Ngati lero simungathe, chitani ichi: zikatuluka m'mawa sesani, wazani phulusa, ndipo mwana asalowe m'menemo.

Thewera

Apa ndipo pagona nkhani yaikulu, ndipo ndi pamene ambirife timalekerera. Bibi wa mwana timamuona ngati wosaopsa. Mwana akabiba timangopukuta ndi nsonga ya chitenje, kapena kukankhira ndi khasu kuseri kwa nyumba, ena amaitanira galu. Chikhala chimbudzi cha munthu wamkulu palibe amene angachite zimenezo. Komatu chimbudzi cha mwana chimakhala ndi tizilombo tochuluka, chifukwa ana ndi amene amadwala m'mimba kawirikawiri, ndipo chimagwera pafupi penipeni ndi pamene timaphikira ndi kudyera.

Mwana akabiba, tsatani ndondomeko iyi nthawi zonse, usana kapena usiku.

Mugonekeni pa kansalu kapena pepala la pulasitiki losungira ntchito imeneyi yokha, osati pa mkeka wodyerapo. Mutawitseni ndi madzi ndi sopo, ndipo ngati ndi mtsikana yambirani kutsogolo kupita kumbuyo, kuti zoipa zisalowe njira ya mkodzo. Muumitseni bwino musanamuveke thewera lina. Mukatero musiyeni pa malo abwino kapena m'manja mwa wina, inu mutenge thewera lakudalo mukakhutulire zonse m'chimbudzi. Litsukuluzeni m'beseni la matewera okha, ndipo madzi oyambawo akalowenso m'chimbudzi, asatayidwe pabwalo kapena m'munsi mwa nthochi. Kenako chapani ndi sopo, yanikani pa chingwe padzuwa mpaka liume gwaa. Pa udzu kapena pa mpanda ayi. Pomaliza sambani m'manja ndi sopo, ndipo musambitsenso manja a mwanayo, chifukwa pomusintha amakhala akugwiragwira.

Beseni la matewera lisadzakhale lotsukira mbale kapena lonyikamo chimanga, ngakhale tsiku limodzi. Limangeni kachingwe kapena lilembeni chizindikiro kuti ana ndi alendo asasokoneze. Ngati mumanyika matewera mu ndowa usiku, ndowayo ikhale yovundikira ndipo iikidwe pamwamba. Mwana wongoyamba kuimirira akhoza kugweramo chamutu, ndipo madzi ochepa okha amakwana kumupha.

Musakachapire matewera pa mjigo, pa chitsime kapena kumtsinje kumene anthu amatunga. Tungani madzi, mukachapire kunyumba. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo madzi amene atsika kuchoka pa mwala wanu wochapira akukamwedwa ndi khanda la kumunsi.

Mapampasi afika mpaka m'magolosale a kumudzi tsopano, ndipo mukuwaona okha mmene amamwazikira m'tchire agalu atawafukula. Ngati mwagwiritsa ntchito, khutulirani bibiyo m'chimbudzi, pindani pampasiyo, mukaikwirire m'dzenje lakuya n'kufotsera dothi lokwanira. Mukamaponya m'chimbudzi amadzazitsa dzenje msanga chifukwa saola.

Mwana akayamba kukhala bwino yekha, muphunzitseni poti. Kachitini kapena kabeseni kakale kamagwira ntchito yomweyo, bola kakhale ka ntchito imeneyo basi, ndipo kazitsukidwa kuchimbudzi. Akabiba pansi, wolani pamodzi ndi dothi la pansi pake, mukataye m'chimbudzi, pamalopo muthirepo phulusa.

Manja

Nthawi zosamba m'manja ndi sopo ndi izi: pochoka kuchimbudzi, mukatha kusintha mwana, musanayambe kuphika, musanadye, ndiponso musanayamwitse kapena kudyetsa mwana. Onjezanipo pochoka kukhola ndi kumunda. Aliyense amazidziwa. Chimene chimasowa si nzeru, ndi madzi ndi sopo pamalo pamene pakufunikira. Munthu sangachoke kuchimbudzi n'kukalowa m'nyumba kukafunafuna sopo m'sutikesi.

Konzani mpondagiya, chosambira m'manja chochita kuponda ndi phazi. Pezani kachigubu ka malita 5, mitengo iwiri ya mphanda, mtengo umodzi wopingasa, chingwe ndi kamtengo kopondapo. Zikani mitengo ya mphandayo, ifike cha m'chiuno. Tenthetsani msomali pamoto, muboole kachigubuko kabowo kamodzi cha kumtunda, m'munsi pang'ono mwa chitsekero. Lowetsani mtengo wopingasawo pa chogwirira, muupachike pa mphanda zija. Mangani chingwe pakhosi pa kachigubu, mbali inayo mumange ku kamtengo kopondapo, kotero kuti mukaponda kachigubu kaweramire kutsogolo madzi n'kutuluka. Pansi pake kumbani kadzenje muthiremo timiyala kuti pasachite matope. Ana asukulu amaikonda ntchito imeneyi, apatseni.

Mipondagiya ikhale iwiri, wina pakhomo pa chimbudzi, wina pafupi ndi khitchini. Wa kukhitchiniwu ambiri amauiwala, chonsecho ndi umene uli pafupi ndi phala la mwana. Ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika amene ntchito yake ndi kuthiramo madzi m'mawa uliwonse, chifukwa mpondagiya wouma ndi chokongoletsa chabe.

Sopo akamadyedwa ndi mbuzi kapena kusowa, mubooleni pakati, mumumangirire pa chingwe, mumuvundikire ndi kachitini koboola. Njira ina yosunga ndalama ndi kusungunula kapaketi kakang'ono ka sopo waufa m'botolo la madzi la lita imodzi ndi theka, n'kuboola chitsekero. Limatha masiku ambiri. Sopo akasoweratu, phulusa loyera la pamoto ndi labwino kuposa madzi okha.

Pa nthawi ya nsima, lekani kusamba nonse m'beseni limodzi. Mwa mwambo wathu amayamba ndi akulu, ana n'kumalizira, ndiye kuti wamng'ono kwambiri amasamba litsiro la banja lonse. Thiriranani ndi jagi, beseni likhale lolandira madzi akuda. Ulemu sunachoke pamenepo: wamng'ono amathirira wamkulu monga kale.

Musaiwale alezi. Nthawi ya dzinja mayi ali kumunda, khanda limatsala ndi mchemwali wake wa zaka 8 kapena agogo. Amenewo ndi amene akulidyetsa ndi kulisintha. Aonetseni ndi manja, osangowauza.

Madzi

Madzi a pa mjigo amatuluka abwino nthawi zambiri, koma amaipa pa njira ndi m'nyumba. Zala zimalowa mu ndowa posenza, masamba amene timaika pamwamba kuti asakhavukire amabwera ndi zawo, ndipo kunyumba kapu imodzi imene aliyense wamwera imamizidwa mu mtsuko tsiku lonse.

Tsukani chotungira ndi sopo musanatunge. Sungani madzi akumwa m'chigubu cha kukamwa kung'ono kapena mu ndowa ya mpopi yovundikira, pamalo okwera. Ngati muli ndi mtsuko, ukhale ndi chivundikiro ndi chikho chake cha mpini wautali chopachika pamwamba: chotungira china, chomwera china.

Madzi a pachitsime chosatetezedwa, a mumtsinje kapena a kunyanja ayenera kuthiridwa mankhwala kapena kuwiritsidwa. Akakhala a matope, asiyeni adikhe, muwasefe ndi nsalu yoyera kaye. Thirani WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, pa muyeso umene walembedwa pa botolo kapena umene akuuzani, mukhutchumule, mudikire mphindi 30 musanamwe. Powiritsa, madzi abwadamuke ndithu kwa mphindi imodzi, azizire ali ovundikira. Klorini musamusunge m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo akhale pamene mwana sangafikire.

Amene anaona mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira m'maboma onse, kupha anthu oposa 1,700, akukumbukira mmene tinkathirira klorini mosaphonya. Mliri utazilala ambiri tinasiya. Tizilombo timene timatsegulitsa makanda m'mimba sitinapite nawo mliriwo.

Bere ndi phala

Kwa miyezi 6 yoyamba, njira yaikulu yotetezera mwana ku madzi oipa ndi kusamupatsa madzi n'komwe. Kuyamwitsa mwakathithi kumatanthauza bere lokha: popanda madzi, tiyi, phala lamadzimadzi kapena madzi a zitsamba, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira. Agogo, apa tikupempha inu makamaka, chifukwa mawu anu ndi amene amamveka pakhomo: mwana akamalira, thandizani mayi ake kupeza mpata wokhala pansi n'kuyamwitsa, osati kumufulumizitsa phala.

M'masiku a chikuta, aliyense wofuna kunyamula khanda asambe kaye m'manja, ndipo wachifuwa kapena chimfine aonere patali. Pa mchombo pasapakidwe phulusa, mwaye, mafuta, dothi kapena zitsamba. Pakhale pouma, thewera lipindidwe m'munsi mwake, ndipo chopakapo chikhale chokhacho chimene achipatala apereka. Pakafiira, pakatuluka mafinya kapena fungo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Phala likayamba pa miyezi 6, ndi pamenenso kutsegula m'mimba kumayamba mwa ana ambiri, ndipo si mwangozi. Phala lophika m'mawa, losiyidwa pa mafuwa mpaka masana, limakhala lofunda bwino moti tizilombo timaswana mofulumira. Phikani lochepa loti athe nthawi imodzi. Lotsala likapitirira maola 2, litenthetseninso mpaka libwate, osati kungolifunditsa, ndipo mkute wa dzulo usapite kwa khanda. Mwana akhale ndi kambale, kapu ndi sipuni zake, zotsuka ndi sopo, zouma pa thandala, zosungidwa m'chovundikira. Thandalalo likhale lalitali ndithu, chifukwa lalifupi nkhuku zimakwerapo. Botolo la nsonga ya mphira lisiyeni, silitsukika bwino m'kati, kapu ndiyo yabwino. Mango ndi zipatso zina zitsukidwe ndi madzi otetezedwa. Ku Chikwawa, ntchito ya Banja la Ukhondo imene anayendetsa akatswiri a ku Polytechnic inalimbikira zinthu zazing'ono zomwezi, kusamba m'manja ndi sopo, kutsuka ndi kusunga bwino ziwiya, kutenthetsanso chakudya, ndipo kutsegula m'mimba kwa ana kunachepa m'midzi imene inatsatira.

Bere lipitirire mpaka zaka 2 kapena kuposerapo.

Chimbudzi, mvula isanagwe

Abambo, gawo ili ndi lanu, ngakhale enawo sakukupatulani. Chimbudzi chikumbidwe mamita osachepera 30 kuchoka pa chitsime kapena mjigo, ndipo chikhale kumunsi kwake. Zimbudzi zambiri zimagwa mu Januwale ndi Febuluwale, banja n'kubwerera kutchire pa nthawi imene madzi akuyenda paliponse. Konzani mu Seputembala kapena Okutobala. Dzenje lozungulira limalimba kuposa la ngodya zinayi. Kumene dothi ndi la mchenga, monga m'mbali mwa nyanja ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi, limangireni njerwa m'kati kapena lowetsani chiluko cha nsungwi chonga nkhokwe. Pansi pakhale pokwera kuposa bwalo, denga lifoleredwe bwino ndi kutulukira kunja kwa makoma, ndipo mulambule ngalande yopatutsa madzi.

Pa bowo pakhale chivundikiro chokwana bwino, cha chogwirira chachitali. Ntchentche imene yatuluka m'dzenje siuluka mtunda wautali isanatere pa milomo ya mwana wogona. Thirani phulusa m'dzenje kawirikawiri kuti fungo lichepe. Bowolo lisakule kwambiri, chifukwa ana a zaka 3 kapena 4 akaliopa amakakhala kuseri kwa chimbudzi, ndipo mng'ono wawo wokwawa amakazipeza.

Akatsegulabe m'mimba

Ngakhale mutachita zonsezi, tsiku lina zidzachitika. Katemera wa rota, wodonthezera m'kamwa, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2012, amachepetsa kutsegula m'mimba koopsa, choncho musaphonye sikelo kuyambira pamene mwana wakwanitsa masabata 6. Koma katemerayo satseka matenda onse.

Mwana akachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposa pa tsiku, musanene kuti ndi mano. Ana amamera mano pa msinkhu womwewo umene amayamba kukwawa ndi kudya phala, n'chifukwa chake ziwirizi zimaoneka ngati zimayendera limodzi. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo mwa khanda zimenezi zimachitika m'maola ochepa.

Yamwitsani pafupipafupi kuposa kale. Sungunulani paketi ya Thanzi ORS m'madzi otetezedwa okwana muyeso wolembedwa pa paketipo, kawirikawiri lita imodzi, osachepetsa madzi kuti akhale amphamvu. Mwana wosakwana zaka 2 mumwetseni kotala kapena theka la kapu nthawi iliyonse akatsegula, pang'onopang'ono ndi sipuni. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso modekha. Otsala atayeni pakatha maola 24, musungunule ena. Kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala mukalandire mapiritsi a zinki, ndipo mumalize masiku onse amene akuuzani, 10 mpaka 14, ngakhale mwana ataoneka kuti wachira pa tsiku lachitatu. Ngati anayamba kale kudya, musamumane phala. Paketi imodzi kapena awiri a Thanzi azikhala m'nyumba nthawi zonse, chifukwa matendawa sasankha kuti kwacha.

Liwombo likalowa m'kati, si nkhani yomata mankhwala pamutu. Ndi chizindikiro chakuti madzi atha m'thupi. Nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, mukaona chimodzi mwa izi: liwombo kapena maso alowa m'kati, mwana akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, wafooka moti sakudzuka bwino, akukomoka, watentha thupi, m'chimbudzi muli magazi, kapena khungu la pamimba mukalitsina likuchedwa kubwerera. Khanda losakwana miyezi 2 musaliyese n'komwe kunyumba, ndipo kliniki ya m'mudzi siliona ana a msinkhu umenewo, pitani nalo kuchipatala. Tengani buku lake la kusikelo, matewera ouma ndi botolo la Thanzi wosungunula kale, ndipo muziyamwitsa ndi kumumwetsa njira yonse, kaya muli pa kabaza kaya mukuyenda pansi.